Buledi Wolembedwa Mayina

Fatsani anasanzanso, ulendo uno pa shiti yomwe Peggy anali atangoyala kumene. Mwanayo analira ndi mawu osasa, thupi lili moto, ndipo mayi ake anamukoleka paphewa n'kuthamangira ku kabati ya boyila, mmene ankasungamo nsalu kuti zizikhala zofunda. Shiti zochapa zinali zitatha. Anapisa dzanja kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa thanki ya madzi otentha, poti mwina kunagwera ina, koma zala zake zinagunda katoni.

Inali katoni ya nsapato za sukulu za Mwayiwathu, mwana wa malemu mlongo wake wa Shadrick, mwamuna wa Peggy. Mtsikanayo, wa zaka khumi ndi zitatu, anachoka ku Ntcheu maliro a mayi ake atatha n'kudzakhala nawo mu fulati yawo ya ku Woolwich, mu mzinda wa London, ndipo chaka chinali chisanakwane chifikireni. Peggy anaika katoniyo pa tebulo la kukhitchini, mwana akadali paphewa, n'kuvundukula. Abale inu!

Munali timajumbo toonekera m'kati, tija toikamo nyama mufiriji, totsekedwa bwinobwino n'kumatidwanso ndi selotepi. M'kajumbo kalikonse munali chidutswa cha buledi, ndipo buledi yense anali atachita chuku, china chobiriwira, china chakuda bii, china choyera chaubweya. Koma chomwe chinamuopsa si chukucho ayi. Anali mayina. Timajumbo titatu tinalembedwa PEGGY ndi cholembera chakuda, titatu SHADRICK, titatu FATSANI. Tina tinali ndi dzina la Mwayi mwini wakeyo, ndipo titatu tinalibe dzina lililonse. Buledi wa Fatsani ndiye anali ataoleratu, wosadziwikanso kuti anali chakudya.

Pansi pa timajumboto panali pepala lija la timabokosi ting'onoting'ono, lojambulidwa mizere yamitundumitundu. Linalibe mutu, linalibe mawu m'mbali, kupatula mayina kumapeto kwa mzere uliwonse. Mzere wofiira unkakwera kuposa inzake yonse, ngati tchati cha wodwala amene kutentha thupi kwakanika kutsika, ndipo kunsonga kwake kunali dzina la mwana wake.

Tisanamizane, Peggy sanali mbuli. Anali namwino wa zaka zambiri pantchito, kuyambira ku Zomba mpaka pa chipatala china cha mu London momwemo, ndipo za tizilombo toyambitsa matenda ankazidziwa ngati dzina lake. Koma mantha safunsa satifiketi. Fatsani anali atadwala nyengo yonse yozizira, lero khutu, mawa chifuwa, mkuja m'mimba, ndipo dokotala ankangoti ana okwawa amatero. Tsopano Peggy anakumbukira m'mawa wina sabata yathayo, akuchokera ku shifiti ya usiku maso akulemera ndi tulo, Mwayi atamuchingamira pakhomo ndi mbale ya buledi. "Anti, tagwirani apa musanasambe m'manja." Anagwira, katatu konse, osafunsa. Mtsikanayo ananenapo mawu ena, koma iye anali kale paulendo wa kuchipinda. Anakumbukiranso kuti tsiku lomwelo anamuona atagwira kadzanja ka Fatsani akukadinda pa buledi, iye n'kumayesa akusewera. Kwawo amati wofuna kukuchita chipongwe safuna zambiri: tsitsi lako, dothi la paphazi lako, chilichonse chimene thupi lako lakhudza. Nanga apa mpaka dzina kulembapo!

Anaimbira Shadrick. Foni inali yozimitsa, monga mwa masiku onse akakhala pa chiwongolero cha basi. Ndiye anaimbira mayi Petronella a fulati ya pansi pawo, mayi a ku Lusaka amene ankamusungira Fatsani iye akapita kuntchito, omwenso anamutengera ku tchalitchi china cha ku Tottenham chopempherera pamwamba pa shopu.

Petronella anakwera masitepe ali wefuwefu, chitenje chili pamwamba pa jekete. Atangosuzumira m'katonimo anabwerera m'mbuyo n'kuomba m'manja.

"Yesu wanga! Ba Peggy, ivi vintu mwavipeza kuti?"

"Kuseri kwa boyila. Ndi katoni ya Mwayi."

"Nenze nakuuzani ine! Sinakuuzeni? Mwana uja alibe nkhani, amayangana chabe pansi monga nkhuku yodwala. Galu wamkota sakandira pachabe, ba Peggy. Onani wa mwana wanu mwamene waolela."

"Mwinatu pali chifukwa china," anatero Peggy, koma mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Nanga bwanji dzina lakenso lilipo?"

"Kuti mukapeza muzikamba so, mwamene mwakambila apa. Ni ochenjela aba, osabaona kuchepa."

"Nanga titatu topanda mayinati?"

Petronella anatsitsa mawu, nayang'ana kuchitseko. "Utu tuyembekeza maina. Kapena ni ine, kapena ni bana bamene mukalibe kubala."

Peggy anakhala pampando. Fatsani anatsokomola, chifuwa chija chokoka kuchokera pansi, ndipo amayi awiriwo anayang'anana.

"Manje mvelani," anatero Petronella. "Nizatumila ba prophet Weston. Bazabwela lelo lamene, bamutenge mwana uyu ku Tottenham. Azankhala ku church mpaka pa Sondo, kusala kudya na mapemphelo, chintu chichoke. Mwana wa mwini ni gaga, saundika. Imwe mweka simungakwanise."

Peggy ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Chaka chapitacho, akufunafuna chimbudzi kutchalitchi kuja, anatsegula kachipinda ka kuseri n'kupeza kamtsikana katagwada pa simenti, milomo itang'ambika ndi ludzu, akuluakulu atakazungulira akukakuwa m'makutu kuti kaulule. Iye anatseka chitseko mwakachetechete n'kubwerera pampando wake, ndipo nkhaniyo sanauze munthu, ngakhale kuntchito anawaphunzitsa kuti zoterezi ndi zokanena. Ankadziwa kuti Mwayi akapita kumeneko sadzabwerako Mwayi yemweyo. Koma mwana wake anali akupsa paphewa pake, ndipo mzere wofiira uja unali poteropo pa tebulo.

"Aimbireni," anatero.

Petronella anaimba, anafotokoza, anawonjezerako ndi zina zomwe Peggy sananene. Kenako anang'amba kajumbo kamodzi ka Fatsani, anathiramo mchere ndi mafuta odzozera a m'kabotolo ka m'chikwama chake, n'kupemphera mokweza mpaka a fulati yoyandikana anagogoda khoma. Potuluka kukachingamira mneneriyo ku siteshoni anatembenuka pakhomo.

"Akabwela osamuuza chili chonse. Osamupasa mwana. Osadya va m'manja mwake, olo tiyi."

Peggy anatsala yekha ndi katoni ija. Anamwetsa Fatsani mankhwala oziziritsa thupi, anamupukuta, anamubereka ndi chitenje, koma kukhala pansi kunamukanika. Anakankha chitseko cha kachipinda ka Mwayi ndi phazi, osafuna kugwira chogwirira. Bedi linali loyalidwa bwino, mabuku atasanjidwa pawindo, chithunzi cha malemu mayi ake chitatsamira khoma. Munalibe chachilendo chilichonse, ndipo zimenezo zinangomuonjezera mantha. Zabwino zonse za mwanayo zinayamba kumuonekera mwina. Kutsuka mbale asanatumidwe kuja, kudzuka m'mawa kukaimbira Fatsani tinyimbo ta kumudzi kuja, kodi kunali kukonda kapena kunyengerera? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anayesanso foni ya Shadrick, ndipo itamuuza kuti asiye uthenga anadula. Akanati chiyani kwa munthu amene analonjeza pamanda a mlongo wake kuti mwanayu adzamulera ngati wake? Nthawi ina anatenga foni kuti auze Petronella abwerere, koma Fatsani anabuula kumsana, ndipo anaibwezera pa tebulo.

Kunja kunayamba kuda msanga monga kumachitira mu Febuluwale. Atamva kiyi akutembenuka pachitseko, anadzidzimuka. Taganizani, mayi wamkulu woti anasambitsapo mitembo osanjenjemera, kuopa kamtsikana kovala tayi ya sukulu!

"Ndabwerako, anti." Mwayi anavula nsapato pakhomo monga mwa chizolowezi n'kulowa kukhitchini. "Fatsani waswera bwanji? Bwera kuno, bwana wanga." Anatambasula manja.

Peggy anabwerera m'mbuyo, dzanja lili kumsana pa mwana. "Ima pomwepo."

Mtsikanayo anaima manja akadali m'malere. Kenako maso ake anagwera pa tebulo, ndipo anafuula.

"Mayo! Mwatsegula? Anti, a Paterson anati tisatsegule ngakhale pang'ono! Chukuchi chikauluka chimalowa m'chifuwa. Mutulutseni Fatsani muno!" Anathamangira pawindo n'kulikankha, mphepo yozizira n'kulowa, kenako anatembenukira kutebulo kuti avindikire kajumbo kong'ambikako.

"Usagwire kanthu!" anakuwa Peggy. "Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"A Paterson."

"Paterson wa kuti ameneyo? Unakumana naye kuti?"

"Kusukulu, anti. Aphunzitsi athu a sayansi, andevu aja munawaona pa parents' evening." Mwayi anamuyang'ana modabwa. "Ndi project ya biology. Ndinakuuzanitu tsiku lija."

Peggy sanasunthe. Petronella anali atamuchenjeza kale kuti otere ndi ochenjera.

"Ndi sukulu iti imatuma mwana kulemba mayina a abale ake pa chakudya choola n'kukabisa mumdima?"

Mwayi anali mwana wosalankhula zambiri, koma ataona nkhope ya anti ake anazindikira kuti lero kukhala chete sikumuthandiza. Anayamba kufotokoza mothamanga, Chichewa ndi Chingerezi zikupondana.

"Mu labu anatiuza kuti aliyense apeze funso lake, akaliyese kunyumba. Langa ndi lakuti, ndi manja a ndani amene ali ndi ma germs ambiri. Ndiye pamafunika fair test. Umasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse zifanane. Buledi ndi wa lofu imodzi, timajumbo ndi tofanana, malo ndi amodzi. Chosiyana ndi dzanja lokha. Kuboyila ndinaikako chifukwa kumafunda chimodzimodzi nthawi zonse."

"N'kubisiranji kuseri kwa thanki?"

"Mukanataya, anti. Inu chinthu chikangosintha mtundu pang'ono mumataya."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Shadrick ankadandaula nazo sabata iliyonse. Koma Peggy sanafune kugonja msanga.

"Nanga katatu katatu bwanji? Kamodzi sikakwanira?"

"Chidutswa chimodzi chikhoza kunama. Mwina chinachoka nacho kale chuku ku shopu. Ndiye umachita katatu, kuphatikiza, n'kugawa patatu kuti upeze average. Ndikuonetseni?"

Mwayi anasolola m'chikwama chake kapepala koonekera, kolembedwa timabokosi, n'kukaika pamwamba pa kajumbo kamodzi ka Shadrick osakatsegula. Anayamba kuwerenga ndi nsonga ya pensulo timabokosi tomwe chuku chinadzaza, milomo ikuyenda, ndipo akapeza tiwiri todzaza theka ankatiwerenga ngati kamodzi. Pakati anasokoneza n'kuyambiranso.

"Ndimachita chonchi ndikaweruka, tsiku lililonse. Manambalawo ndi amene ndajambula pa galafuyi. Pansipa ndi masiku, m'mbalimu ndi timabokosi ta chuku. Kadontho ka amalume ka lero kakhala chapa." Analoza malo opanda kanthu patsogolo pa mzere wa Shadrick. "Mawu a m'mbali ndinali ndisanalembe. A Paterson amandidula malikisi nthawi zonse chifukwa choiwala kulemba m'mbali ndi mutu. Amati galafu yopanda mawu munthu aliyense amaiwerenga mmene akufunira."

Peggy analoza titatu tija topanda dzina. Apa ndi pamene panali mantha ake aakulu. "Iti tikudikira ndani?"

"Sitikudikira munthu, anti. Imeneyo ndi control. Buledi ameneyo sanagwiridwe ndi aliyense, ndinamuika ndi foloko yoviika m'madzi owira. Taonani, nayenso wachita chuku pang'ono. Buledi amaola ndithu ngakhale wina asamugwire. Popanda ameneyo ukhoza kunamizira dzanja la munthu zinthu zoti zikanachitika zokha."

Peggy anayandikira tebulo pang'onopang'ono, nanyamula kajumbo kamodzi ka dzina lake ndi nsonga za zala. Pakona pake, ndi zilembo zing'onozing'ono, panali deti ndi nthawi. Ndi mmene iye mwini ankalembera tsiku ndi tsiku pa timabotolo ta kuwodi, akapukuta mphuno ya wodwala ndi kathonje kuti akayeze ku labu: dzina, deti, nthawi. Ha! Kodi wolodza anzake amalembanso deti? Zilembozo zinali pomwepo chiyambire masana, koma maso amantha amangoona zomwe akuopa.

"Nanga wa mwana wangayu waoleranji chonchi?" anafunsa, mawu atatsika.

"Amakwawa, anti. Amagwira nsapato, amagwira matayala a pram, kenako manja m'kamwa." Mwayi anazengereza pang'ono. "Wachiwiri ndi wanu. Munali mutangotsika m'basi kuchokera kuntchito."

Zoonadi, mzere wobiriwira wa PEGGY unali pansi penipeni pa wofiira uja, pamwamba pa wa Shadrick. Namwino wa nyumbayo, wokalipira aliyense za sopo! Likanakhala tsiku lina akanaseka mpaka misozi. Mizere ya Mwayi inali iwiri. Wina, wa manja osasamba, unali pakatikati, ndipo wina, wa manja osamba ndi sopo, unkakwawa pansi pafupi ndi wa buledi wosagwiridwa uja.

"Iweyo wekha bwanji unadziyesa kawiri?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Ndinakumvani pafoni mukuwauza a Petronella kuti Fatsani anayamba kudwaladwala chibwerereni ine. Ndiye ndimafuna ndione ngati ndi manja angawa. Ndikanapeza kuti ndi ine, ndikanasiya kumunyamula." Anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Koma a Paterson anati galafu singanene amene akudwalitsa mwana. Imangonena za chuku basi. Anati ndisalembe chinthu chimene sindinayese."

Kalanga ine! Manyazi anamukwera Peggy kuchokera kumapazi mpaka kunkhope, otentha kuposa thupi la mwana kumsana kwake. Anafuna kunena kanthu, koma belu la pakhomo linalira, kenako kugogoda kwamphamvu.

"Ba Peggy, segulani! Nabwela nabo ba prophet. Ilimo mfiti ija?"

Chitseko cha fulati chinali chopyapyala, ndipo mawuwo anafika kukhitchini onse athunthu. Mwayi anayang'ana kuchitseko, kenako anti ake, kenako mchere ndi mafuta m'kajumbo kong'ambika kaja. Anakulira kumudzi, sanafunikire womumasulira. Nkhope inachita phulusa, pensulo inagwa m'manja, ndipo anabwerera m'mbuyo mpaka anakanirira pakona ya sinki.

Peggy anapita kuchitseko, anakoleka tcheni n'kutsegula pang'ono. Pambali pa Petronella panaima bambo wamtali wovala chikhoti chakuda chabwino, Baibulo lili m'khwapa. Mneneri Weston anali Mmalawi mnzawo, wa mawu ofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunkaopsa.

"Mtendere, mayi. Musaope, tafika. Mungomuuza mwanayo atenge juzi, zina sakazifuna."

"Pepani abusa, ndakuyendetsani ulendo wautali pachabe. Ndi zakusukulu. Ndi ntchito imene anawapatsa aphunzitsi a sayansi."

"Wakuuzani yekha?" Bamboyo anamwetulira mwachifundo. "Nanga inu mumayembekeza kuti anena chiyani? Woipayo naye sukulu amaidziwa, mayi. Masiku ano sabwera ndi nsupa, amabwera ndi yunifolomu."

"Nakuuzani ine ati azakunamizani!" anatero Petronella. "Chosani chain, ba Peggy, osatayisa ntawi bantu ba Mulungu."

Fatsani anatsokomolanso kumsana, motalika, mpaka anatsamwa n'kuyamba kulira.

"Mwamva?" anatero mneneriyo motsitsa. "Ameneyo ndi wanu, wobereka nokha. Mukatibweza lero, china chikachitika, mudzati analakwa ndani?"

Apa ndiye panali povuta. Musaganize kuti mantha a Peggy anathera pa galafu paja. Mbali ina ya mtima inkamunong'onezabe: bwanji ngati bamboyu akunena zoona? Bwanji ngati kutacha mwana atauma, iwe utateteza mwana wa eni? Dzanja lake linafika pa tcheni, ndipo iye mwini sanadziwe ngati likufuna kumasula kapena kugwiritsa. Anacheuka. Kuchokera pamene anaimapo ankangoona mapazi a Mwayi kukhitchini, ovala masokosi oyera a sukulu, lina litaponda linzake.

"Mwanayu sapita kulikonse," anatero. Kenako anabwereza. "Sapita. Mawa ali ndi sukulu. Akajomba aphunzitsi afunsa, ndipo akandifunsa ine ndinena zoona zokhazokha, ndi dzina lanu lomwe, ndi malo anu a ku Tottenham."

Kumwetulira kwa mneneri kunazima. Anayang'ana m'khonde uku ndi uku ngati pali wina amene wamva, nakonza kolala ya chikhoti chake.

"Tidzakupemphererani, mayi," anatero, n'kuyamba kutsika masitepe mofulumira kuposa mmene anakwerera.

Petronella anatsala, atagwira m'chiuno. "Ba Peggy, mwanichitisa nsoni pamenso pa muntu wa Mulungu. Ndimwe munakamba ati niitane! Kuyambila lelo muzaona mweka kwamene muzasiya mwana. Ine munyumba yanu siningenamo futi, na mwana wanu sazangena mwanga."

Peggy anatseka chitseko n'kukhoma. Shifiti yake yotsatira inali mkuja, ndipo analibe wina womusiyira Fatsani. Ankadziwanso kuti pofika Lamlungu mawu aja oti mfiti adzakhala atafika kwa mayi aliyense wa tchalitchi chija, ndi kwa ana awo omwe. Madzi akatayika saoleka, ndipo anawataya ndi iye mwini.

Atabwerera kukhitchini anapeza Mwayi atachoka pakona paja. Anali akulongedza timajumbo m'katoni, kamodzikamodzi, kong'ambika kaja atakamanga m'jumbo ina. Misozi panalibe.

"Apita, mwanangu. Sabweranso muno." Peggy anayesa kumwetulira, koma nkhope inakana. "Mawa tipitira limodzi kwa a Paterson, ndikawauze kuti kamodziko taononga ndife. Undikhululukire, Mwayi. Mutu unandizungulira ndi matenda a mwanayu."

"Munawaitana ndinu?"

"Ndine."

Mwayi anaika pepala la galafu pamwamba n'kuvindikira katoni.

"Anti, zikanakhala kuti sindinathe kufotokoza bwino, kapena ndikanachedwa ku library iwo n'kufika ine ndisanabwere, mukanandipereka?"

Peggy anatsegula pakamwa kuti akane. Bodza linali pafupi, lalifupi, losavuta kunena. Koma mwanayo anali atakweza maso tsopano, akumuyang'ana molunjika koyamba chifikireni m'nyumba imeneyo, ndipo bodzalo linakana kutuluka.

"Ndikanakupereka," anatero.

Mwayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ananyamula katoni yake ndi chikwama cha sukulu, anadutsa pafupi ndi Fatsani osamugwira ngakhale kaphazi, n'kulowa kuchipinda kwake.

"Bwera udzadye kaye, mwanawe," anaitana Peggy. "Amalume ako afika posachedwa."

Chitseko cha kachipinda kameneko chinalibe loko. Peggy anaima pakati pa khitchini, mwana akulira kumsana, n'kumva mpando ukukokedwa pansi, kenako ukutsamiritsidwa kuchitseko kuchokera m'kati.